Tikumbukire a Cy Grant, amene anagwa ndi ndege mu 1943 n'kukhala ndi moyo mpaka 2010

Nabanda wa ku Leeds:
Abale anga pagulu pano, pa 13 Febuluwale ndi tsiku limene a Cy Grant anamwalira ku London mu 2010, ali ndi zaka 90. Ambiri dzinali simunalimvepo, n'chifukwa chake ndalibweretsa. Bambowa anabadwa pa 8 Novembala 1919 m'mudzi wa Beterverwagting ku British Guiana, dziko limene lero timalitcha Guyana, kumpoto kwa South America. Bambo awo anali mbusa wa mpingo wa Moravian, mayi awo mphunzitsi wa nyimbo wochokera ku Antigua. Mu 1941 analowa usilikali wa ndege wa Britain, RAF. Mu 1943 ndege yawo inawomberedwa ku Netherlands, iwo n'kukhala mkaidi wa Ajeremani mpaka nkhondo itatha. Anaphunzira zauloya n'kupambana mu 1950, koma sanapeze pogwirira ntchitoyo. Pofika 1957 anali atakhala munthu wakuda woyamba kuoneka kawirikawiri pa wailesi yakanema ya Britain, akuimba nkhani za tsikulo ndi gitala m'manja. Kenaka kutchukako anakusiya okha. Chimene ndikufuna tikambirane ndi chimenechi makamaka: munthu amene dziko lonse linkamudziwa nkhope, anachokeranji pamalo poterepo?

Mphunzitsi Wopuma:
Zikomo mayi Nabanda potibweretsera nkhani ya mkuluyu. Tisanathamangire za wailesi, tiyambe kaye ndi nkhondo, chifukwa zonse zinazo zidachokera pamenepo. RAF idali ndi lamulo loti wokhala ofesala akhale mzungu weniweni. Lamulolo adalifewetsa nkhondo itayamba, ndipo anyamata awo atatha kufa mu 1940 m'pamene adayamba kuitana achinyamata a m'maiko a atsamunda. Ochokera ku Caribbean amene adagwira ntchito m'ndege momwemo adali pafupifupi 500. A Grant panthawiyo adali kalaliki mu ofesi ya majisitireti. Ankafuna kuphunzira zamalamulo koma makolo adalibe ndalama zowatumizira kunja. Ndiye mukuona kuti khomo lidatseguka chifukwa Britain idasowa anthu, ndipo iwo adalowa chifukwa adasowa njira ina yotulukira.

Gitala wa pa Ndirande:
Ndiye anali oyendetsa ndege, madala?

Mphunzitsi Wopuma:
Ayi mwanangu, adali wolondolera njira. Mu ndege ya mtundu wa Lancaster munkakhala anthu 7, aliyense ndi ntchito yake. Wa a Grant udali kukhala pa katebulo ndi mapu, wotchi ndi zida zoyezera, kuwerengera mphepo ndi liwiro, n'kumauza woyendetsa kolowera. Usiku, kopanda nyali pansi chifukwa mizinda yonse inkazimitsa magetsi. Akalakwitsa masamu, anthu 7 asochera. Adawapatsa udindo wa ofesala n'kuwatumiza ku gulu la 103 Squadron pa bwalo la Elsham Wolds ku Lincolnshire. Pa ulendo wawo wachitatu, usiku wa pa 25 Juni 1943, adapita kukaponya mabomba ku Gelsenkirchen, mzinda wa mafakitale m'chigawo cha Ruhr. Pobwerera ndege idawomberedwa ili pamwamba pa Netherlands. Iwo adatsika ndi parachuti n'kugwera m'munda pafupi ndi Nieuw-Vennep. Anzawo awiri adafa.

Kuti mumvetse kuopsa kwake: mwa anthu pafupifupi 125,000 amene adauluka m'ndege zoponya mabomba za Britain pa nkhondoyo, oposa 55,000 adafa. Kufika zaka 90 munthu wochokera m'gulu limenelo si chinthu chamasewera.

Nabanda wa ku Leeds:
Ndipo atagwidwa, Ajeremani anawajambula chithunzi n'kuchiika m'nyuzipepala yawo, pansi pake atalemba kuti uyu ndi msilikali wa RAF wa mtundu wosadziwika. Cholinga chinali kunyoza Britain kuti yafika potola aliyense. Patapita zaka zoposa 60, mu 2006, iwo anatenga mawu omwewo n'kuwasandutsa mutu wa buku lofotokoza za nkhondo yawo. Anawatsekera ku Stalag Luft III, msasa wa akaidi oyenda m'ndege ku Sagan, komwe lero ndi ku Poland. Ndi msasa womwe uja akaidi 76 anathawa kudzera mu ngalande yapansi mu Malichi 1944, ndipo 50 mwa iwo atagwidwanso anawomberedwa.

Mdzukulu wa KAR:
Ine nkhaniyi ikundikhudza koma ikundipwetekanso, ndinene mosabisa. Agogo anga aamuna anali mu King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali a ku Africa la boma la atsamunda, anapita ku Burma mu 1944. Anabwerako ndi malungo osatha ndi mwendo wopunduka. Palibe buku, palibe chithunzi m'nyuzipepala, palibe wailesi. Anamwalira akusoka zovala pakhonde la sitolo. Bwanji tikukumbukira munthu wa ku Guyana pamene athu omwe sitiwadziwa mayina?

Nabanda wa ku Leeds:
Achimwene, funso lanu ndi loona ndipo sindikulithawa. Koma dikirani mumve zimene bambowa anachita ndi zaka zawo zomaliza, chifukwa zikukhudza ndendende dandaulo lanulo. Tifikako.

Nangozo wa Malamulo:
Ine gawo limene limandikwiyitsa ndi la 1950. Ndifotokoze mmene zimayendera ku England, chifukwa ena angaganize kuti ukapambana mayeso basi wayamba ntchito. Kumeneko loya woimirira m'khoti amayenera kukhala membala wa limodzi mwa mabungwe anayi akale a maloya ku London. A Grant anali ku Middle Temple, ndipo anavomerezedwa mu 1950. Koma zikatero umafunika loya wamkulu akutenge kuti uphunzire ntchito pambali pake, kenaka gulu la maloya likupatse malo mu ofesi yawo, ndiponso maloya ena azikutumizira milandu. Magawo atatu onsewa ankayendera kudziwana. Munthu wakuda sankakanidwa ndi lamulo lililonse lolembedwa, ankangosowa womutenga. Ndiye tangoganizani: ofesala wa RAF, wakhala zaka ziwiri m'ndende ya adani chifukwa cha dziko limenelo, ali ndi pepala la uloya m'manja, koma palibe ofesi yomulandira. Anamugwiritsa ntchito ngati waganyu wa m'dzinja, kupalira kutatha chipata n'kutsekedwa.

Zisudzo anaziyamba pofuna kuwongola kayankhulidwe kuti tsiku lina akadzaima m'khoti adzamveke bwino. Tsikulo silinafike.

Wa ku Chipata:
Koma achemwali, bwanji sanangobwerera kwawo? Forbes Burnham, wa ku Guyana komweko, anaphunzira uloya ku London nthawi yomweyo, anabwerera kwawo mu 1949, n'kudzakhala mtsogoleri wa dzikolo. Kwanu ku Malawi a Orton Chirwa anamaliza uloya ku London mu 1958 n'kubwerera ku Nyasaland, chaka chotsatira anayambitsa Malawi Congress Party. Pepala lomwe ku London linali lopanda ntchito, kwawo linali lamphamvu. Ine ndikuona kuti a Grant anasankha kukakamira pakhomo la eni.

Nangozo wa Malamulo:
Amalume, mfundoyo ndaimva, koma sindikugwirizana nayo. Munthu amene wathira magazi chifukwa cha dziko sangauzidwe kuti ndi pakhomo la eni. Nthawi imeneyo anali nzika ya Britain mwa lamulo, monga mmene analili aliyense wobadwira m'maiko a atsamunda. Kubwerera kwawo kukanakhala kusankha kwabwino, inde, koma kusabwerera sikuchotsa mlandu wa omwe anamutsekera.

Nabanda wa ku Leeds:
Ndipo ife amene tili kuno funso limenelo timalidziwa bwino. Alipo anzathu ambiri amene kwathu anali aphunzitsi, ma akauntanti, ngakhale maloya, kuno akusamalira okalamba m'nyumba zosungira anthu. Ntchitoyo ndi yaulemu, koma si imene anaphunzira. Ukawafunsa kuti bwanji osabwerera, yankho silikhala limodzi. Ana ali pasukulu, banja lakhazikika, kwathu kukudikira ndalama za mwezi uno. A Grant anakwatira kuno, ana awo anabadwira kuno.

Gitala wa pa Ndirande:
Tabwerani ku nyimbo tsopano, akuluakulu, ine ndikudikira pamenepo.

Mphunzitsi Wopuma:
Tafika. Mu 1951 adalowa gulu la zisudzo la Laurence Olivier, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, adasewera nalo ku London ndi ku New York. Koma mbali za munthu wakuda zidali zochepa, ndipo zambiri zidali za wantchito kapena wonyamula mkondo kumbuyo. Ndiye adatenga gitala, amene adaphunzira ali mwana, n'kumaimba nyimbo za ku Caribbean ndi za maiko ena m'malo achisangalalo ausiku ndi pa wailesi ya BBC. Mu 1956 adasewera m'sewero la pa wailesi yakanema lonena za moyo wa anthu a ku Caribbean ongofika ku London. Mu 1957 BBC idayamba pulogalamu ya madzulo yotchedwa Tonight, yoyendetsedwa ndi Cliff Michelmore, ndipo adaitana a Grant kuti aziimba nkhani za tsikulo mwa kaimbidwe ka calypso. Mawu ake ambiri ankalemba ndi mtolankhani Bernard Levin. Nkhani ichitike m'mawa, masana ailembe ngati ndakatulo, madzulo a Grant aiimbe anthu mamiliyoni akuonera, popanda kujambuliratu.

Gitala wa pa Ndirande:
Eee, ntchito imeneyo ndi yovuta kuposa mmene anthu angaganizire. Ine ndimaimba, ndikudziwa. Kupatsidwa mawu atsopano masana, mayina a nduna ndi mizinda ali momwemo, uwalowetse m'nyimbo, usaphonye kugunda, nkhope ikumwetulira, kamera ili pamphuno. Ndipo mawa lake ena atsopano. Woimba wamba sangathe. Ndiye ine ndikudabwa kwambiri kuti anasiya. Kuno woimba akapeza pulogalamu yokhazikika pa wailesi amagwira ndi manja awiri. Anthu amafa osaipeza.

Nabanda wa ku Leeds:
Anakhalapo zaka ziwiri ndi theka. Chifukwa chosiyira chinali choti anaona kuti anthu amutsekera m'kabokosi: munthu wakuda wosangalala, woimba calypso, basi. Kumbukirani kuti calypso kwawo ndi ku Trinidad, osati ku Guyana. Iwo anali mwana wa mbusa, ofesala, loya, wowerenga ndakatulo. Koma kwa owonera, aliyense wochokera ku Caribbean anali woimba calypso. Ndiponso mawu amene ankaimba sanali awo. Taganizirani zimene zinkachitika kunja kwa situdiyo nthawi yomweyo. Mu Ogasiti ndi Seputembala 1958 magulu a anyamata achizungu anaukira nyumba za anthu akuda ku Notting Hill, mu mzinda wa London. Mu Meyi 1959 Kelso Cochrane, kalipentala wochokera ku Antigua, kwawo kwa mayi a Grant, anabayidwa n'kufa mumsewu ku London, ndipo palibe amene anaweruzidwa pa imfayo. Munthu wakuda mmodzi yekha amene dziko lonse linkamuona madzulo ankayenera kumwetulira n'kuimba zoseketsa zolembedwa ndi wina. Ine ndikumvetsa chifukwa chake zinawalemera.

Gitala wa pa Ndirande:
Ndamva achemwali, komabe ine mtima wanga sukuvomera. Ngati unali wekha pa kanema, kuchoka kwako kukutanthauza kuti tsopano palibe aliyense. Mwana wakuda wa ku Birmingham amene ankadikira madzulo kuti aone munthu wofanana naye, anatsala ndi chiyani? Nthawi zina umakhalabe pamalopo n'kumakankha pang'onopang'ono kuchokera mkati.

Nangozo wa Malamulo:
Kukankha kuchokera mkati kumatheka ngati uli ndi mawu pa zimene zikuulutsidwa. Iwo analibe. Sanali mkonzi, sanali mlembi. Akanakhala zaka 20 akanangokhala chimodzimodzi, kungoti atakalamba.

Wa ku Chipata:
Apa mpamene ndikufuna kulowetsa wathu, chifukwa kufanana kwake n'kodabwitsa. Alick Nkhata wa kwathu ku Zambia anabadwa mu 1922, zaka zitatu pambuyo pa a Grant. Nayenso anapita ku nkhondo yomweyo, ku Burma. Atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey yojambula nyimbo za makolo, kenaka analowa wailesi ya Central African Broadcasting ku Lusaka, imene inkamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia, m'Chinyanja, Chibemba ndi zilankhulo zina. Makolo athu ankaimvera pa kawailesi kotchipa kaja kooneka ngati poto, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949. Msilikali, muulutsi, woimba ndi gitala, zonse zitatu. Kusiyana kwake n'koti a Nkhata ankaimbira anthu awo m'zilankhulo zawo, nyimbo zopeka okha, zonena za moyo wa m'tauni, za maukwati, kenaka za ufulu. Anakwera mpaka kukhala mkulu pa wailesi ya Zambia. Msewu umene pali likulu la ZNBC ku Lusaka uli ndi dzina lawo. N'chifukwa chake ndikunenabe kuti kwanu ndi kwanu.

Koma iwo sanapatsidwe moyo wautali. Anafa mu Okutobala 1978 pafupi ndi Mkushi, kumene anali ndi famu, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe. Anapulumuka ku Burma n'kudzafera pakhomo, ali ndi zaka 56.

Mphunzitsi Wopuma:
Bambo a ku Chipata, mwachita bwino kutchula a Nkhata, mawu awo tidawamva tili ana. Koma tisaiwale kuti wailesi ya ku Lusaka ija idali ya boma la atsamunda, ndipo m'nthawi ya chitaganya anthu ambiri adaikayikira. Oulutsa achikuda ankawerenga nkhani zolembedwa ndi ena, zotamanda chitaganya chimene iwo eni sankachifuna, ndipo ena ankanenedwa zoipa m'makomboni chifukwa cha ntchitoyo. Choncho vuto loyankhula mawu a wina pa wailesi ya wina lidali kuno komwe, silidali la ku London kokha.

Wa ku Highfield:
Moni nonse, ine ndimangowerenga nthawi zambiri koma apa ndiyankhulepo. Makolo anga anachokera ku Dedza, ine ndinabadwira ku Harare. Chimene a Grant anachita atachoka pa kanema chili ndi dzanja la munthu wa kuno. Mu 1974 iwo ndi John Mapondera wa ku Zimbabwe anayambitsa Drum Arts Centre ku London, malo oti olemba, osewera ndi ojambula achikuda azionetsa ntchito zawo osadikira kuitanidwa. Ndiye kwa achimwene a Gitala amene akufunsa kuti mwana wa ku Birmingham anatsala ndi chiyani, yankho lina ndi limenelo. Zinatenga zaka, koma anamanga poti mwanayo akakula adzaimepo ndi mawu ake.

Nabanda wa ku Leeds:
Zikomo achimwene a ku Highfield. Ndipo pakati pa zaka zimenezo sanakhale chete. Mu 1965 anasewera Othello, mkulu wa asilikali wakuda wa m'sewero la Shakespeare, ku Phoenix Theatre mu mzinda wa Leicester. Nthawi yomweyo Laurence Olivier, bwana wawo wakale uja, ankasewera mbali yomweyo ku London atadzipaka utoto wakuda kumaso, ndipo ndi iye amene anajambulidwa filimu. Mu 1967 mawu awo anamveka m'pulogalamu ya ana ya zidole, Captain Scarlet, monga Lieutenant Green, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kukhala ndi mbali yokhazikika m'nkhani zotere. Azungu ambiri kuno amene anali ana nthawi imeneyo akamva dzina la Cy Grant amakumbukira chimenecho.

Gitala wa pa Ndirande:
Pali chinanso chimene oimba ambiri sadziwa. Nyimbo ija Feeling Good, imene dziko lonse limaidziwa ndi mawu a Nina Simone a mu 1965, woyamba kuiimba pa siteji anali Cy Grant, mu 1964, m'sewero la nyimbo limene linkayendayenda m'mizinda ya ku Britain. Ndiye munthuyu mawu anali nawo enieni, sanali wongoseketsa. Ichi n'chimene chikundiwawa: akanalimbikira kuimba kokha, bwenzi lero tikumutchula pamodzi ndi akuluakulu a nyimbo.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwina. Koma mtima wawo udapita kwina. Mu 1977 adaima okha pa siteji ya National Theatre n'kulakatula ndakatulo yaitali ya Aimé Césaire wa ku Martinique, yonena za munthu wakuda wobwerera kwawo n'kudziyang'ana moona mtima. Adayenda nayo zaka ziwiri m'mizinda yosiyanasiyana. Munthu amene zaka 20 m'mbuyomo ankaimba mavesi oseketsa a mphindi ziwiri, tsopano ali yekha kwa nthawi yaitali ndi mawu olemera amene adawasankha yekha. Ine ndimaona kuti apa m'pamene adapeza khoti limene adamanidwa mu 1950, chifukwa adaima pamaso pa anthu n'kufotokoza mlandu.

Chimene chimandichititsa chidwi n'choti sadaimire pomwepo. Adachoka ku Drum mu 1978, ndipo mu 1981 adayamba kutsogolera zikondwerero zotchedwa Concord, zosonkhanitsa zikhalidwe zonse zopezeka mu Britain, Amwenye, Achitchaina, Afirika, a ku Caribbean ndi azungu omwe, m'mizinda ndi m'maboma akumidzi. Adaona kuti malo a anthu akuda okha angathenso kusanduka kabokosi kena. Pa wailesi adabwereranso, koma tsopano ndi mapulogalamu awoawo, ena ofotokoza mbiri ya calypso yomwe ija. Mu 1999 adatulutsa buku la mbiri ya ng'oma zachitsulo za ku Trinidad, zosulidwa kuchokera ku migolo ya mafuta. Ndiye nyimboyo sadaide ayi. Adakana kuigwiritsa ntchito ngati chigoba chobisa nkhope.

Mdzukulu wa KAR:
Mayi Nabanda, munati tifika pa funso langa.

Nabanda wa ku Leeds:
Tafika achimwene. Usiku umene ndege ija inagwa, m'mudzimo munali mnyamata wa zaka 11, Joost Klootwijk. Chinthucho sichinamuchoke m'mutu. Atakula anafufuza za ndegeyo ndi anthu ake onse 7, n'kulemba buku la ulendo wawo womaliza. Mu 2008 a Grant, ali ndi zaka 88, anabwerera ku Netherlands n'kukakumana naye. Kuchokera pamenepo iwo ndi Hans, mwana wa Joost, anakhazikitsa tsamba la pa intaneti losonkhanitsa mayina, zithunzi ndi mbiri za anthu a ku Caribbean amene anauluka ndi RAF pa nkhondoyo, chifukwa anaona kuti mabuku a mbiri sankawatchula. Mabanja anayamba kutumiza zimene anali nazo m'masutikesi. Ndiye ntchito yomaliza ya bambowa inali yolemba mayina a anzawo amene analibe buku, analibe wailesi, monga agogo anu.

Mdzukulu wa KAR:
Chimenecho ndiye chandigwira mtima. Komabe kusiyana kulipo, tisakubise. A Grant anali ofesala, ankalandira malipiro a ofesala. Agogo anga anali msilikali wamba wa ku Africa. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani anaziulula mu 2019 zinaonetsa kuti pa ndalama yothokoza pakutha kwa nkhondo, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wa ku Africa mashiling'i atatu ndi theka. Nkhalango yomweyo, zipolopolo zomwezo. Mayi anga anayendapo m'maofesi kufunsa za ndalama za bambo awo, anangouzidwa kuti mapepala sakupezeka.

Nangozo wa Malamulo:
Ndipo si ndalama zokha. Mu 2021 bungwe losamalira manda a asilikali a Commonwealth linavomera poyera kuti anthu oposa 100,000, ambiri a ku Africa, amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Mwa iwo muli amtengatenga, ndipo kwathu kuno anatengedwa ochuluka. John Chilembwe anadandaula za kutengedwa kwa anthu athu ku nkhondo imeneyo mu 1914, isanafike n'komwe pachimake.

Wa ku Chipata:
Pali mbali ina imene sitinaikhudze. Mabomba amene ndege ija inanyamula anagwera pa mzinda wokhala anthu. Pansi panali amayi ndi ana. Tikamalemekeza msilikali tizikumbukiranso zimenezo.

Mphunzitsi Wopuma:
N'zoona bambo, ndipo palibe chifukwa chozibisira. Ulamuliro wa Hitler udayenera kugonjetsedwa, ndipo ukadapambana munthu ngati a Grant, kapena inu ndi ine, sakadawerengedwa munthu. Koma kuponya mabomba pa mizinda usiku kudapha anthu wamba ochuluka, ndipo Britain yomwe idachita nako manyazi kwa nthawi yaitali. Chipilala chokumbukira asilikali a ndege zoponya mabomba chidatsegulidwa ku London mu 2012, patapita zaka 67 nkhondo itatha. A Grant adamwalira zaka ziwiri chisanatsegulidwe. Chikwangwani chokumbukira iwo eni chidaikidwa pa nyumba yomwe ankakhala ku Highgate mu 2017.

Gitala wa pa Ndirande:
Ine pa nkhani yosiya pulogalamu ija sindinasinthe maganizo, ndikanakhala ine sindikanachoka. Koma ndikufuna kumva mawu awo. Zojambulidwa zawo zilipo?

Nabanda wa ku Leeds:
Zilipo, lembani dzina lawo pa YouTube mupeza nyimbo zingapo. Makalata, zithunzi ndi zolemba zawo banja linazipereka ku nyumba yosungira mbiri ya mzinda wa London, ndipo munthu aliyense angathe kukaziona.

Mdzukulu wa KAR:
Nanga ife amene tikufuna kufufuza za agogo athu tiyambire pati, aphunzitsi? Kunyumba kuli mendulo ziwiri ndi kabuku kong'ambika.

Mphunzitsi Wopuma:
Yambani ndi kabukuko, mwanangu, musakataye ngakhale kang'ambike chotani. Funani nambala ya usilikali ndi batalioni, chifukwa mayina athu azungu ankawalemba molakwika, ndipo ambiri adalembetsa ndi dzina limene kumudzi sankadziwika nalo, koma nambala siisintha. Kajambuleni ndi foni tsamba lililonse lero lomwe. Mendulo zikuuzani kumene adamenyera: amene adapita ku Burma adalandira nyenyezi yakeyake ya nkhondo ya kumeneko. Asilikali athu ambiri kumeneko adali mu 11th East African Division, imene idadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944, ndiye mukapeza batalioni mungathe kulondola njira imene adayenda mwezi ndi mwezi. Kenaka pitani ku National Archives ku Zomba, ndipo mukafunsenso ku Cobbe Barracks, kumene kudali likulu la KAR ku Nyasaland. Kwa amene agogo awo sadabwereko, tsamba la bungwe la manda lija limalola kufufuza ndi dzina kapena nambala, ndipo amene adafera ku Burma opanda manda odziwika adalembedwa pa chipilala cha ku Taukkyan, kunja kwa Yangon. Ndipo mukhale pansi ndi mayi anu muwajambule mawu akufotokoza zimene bambo awo ankanena, ndi nyimbo zimene ankaimba akamasoka pakhonde paja, ngati akuzikumbukira.